Amphaka a aneba m'dimba ndi m'nyumba: kuyerekeza njira zowaletsera

Munthu amene anafesa mpiru kapena repu pa nazale kuseri kwa nyumba, n'kudzuka m'mawa n'kupeza bedi lafukulidwa ndipo pakati pake pakwiriridwa chimbudzi cha mphaka, amadziwa kuti vutoli si lachibwana. M'madera monga Area 25 ndi Kawale ku Lilongwe, kapena Ndirande ndi Chilomoni ku Blantyre, mapuloti ndi othithikana, ndipo mphaka sadziwa malire. Mbuzi imamangidwa pa chingwe, nkhuku zimatsekeredwa m'khola, koma palibe amene amamanga mphaka, choncho mphaka wa nyumba imodzi amakhala mlendo wa nyumba zisanu. Amalowa m'khitchini kukaba usipa, amagwira anapiye ndi nkhunda, amakodzera pachitseko, ndipo usiku amalira padenga anthu osaona tulo.

Mphaka sabwera pakhomo panu popanda chifukwa. Amatsata chakudya, dothi lofewa loti adzithandizirepo, malo ofunda ogona kapena oberekerapo, ndiponso mphaka mnzake pa nyengo yokwerana. Njira iliyonse imene ili m'munsimu imagwira ntchito pa chimodzi kapena ziwiri mwa zifukwa zimenezi, osati pa zonse, ndiye musanawononge ndalama yambani mwaona chimene chikumukoka.

Pali chifukwa china chimene ndimaonera nkhaniyi kukhala yofunika kuposa kungotaya mbande. M'chimbudzi cha mphaka mutha kukhala tizilombo totchedwa Toxoplasma, timene timayamba kupatsira matenda pakadutsa tsiku limodzi mpaka masiku 5 chimbudzicho chitatuluka, ndipo timakhala ndi moyo miyezi yambiri m'dothi lachinyezi. Anthu ambiri sadwala nato, koma mayi woyembekezera atha kupatsira mwana wosabadwa, ndipo munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika chifukwa cha HIV atha kudwala matenda a muubongo. M'chimbudzimo mumakhalanso mazira a njoka za m'mimba amene ana amatola posewera pa mchenga. N'chifukwa chake chimbudzi cha mphaka sichiyenera kulowa m'manyowa, ndipo ndiwo zamasamba ziyenera kutsukidwa bwino.

Miyeso imene ndagwiritsa ntchito

Njira iliyonse ndaiyeza pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, ndipo pamenepa ndikuyerekeza njira ina ndi inzake m'malo motchula ndalama, popeza kuyambira pamene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wa m'mahadiweya imasintha pafupipafupi, makamaka wochokera kunja. Chachiwiri ndi kupezeka kwake, kaya chinthucho chili pakhomo, pamsika kapena n'choitanitsa. Chachitatu ndi chisamaliro, kutanthauza ntchito imene njirayo idzafuna kwa inu sabata ndi sabata, makamaka m'dzinja pamene mvula imakokolola zambiri. Chachinayi ndi kuopsa kwake kwa ana, kwa ziweto zanu, kwa mphakayo, komanso pa ubale wanu ndi aneba, umene ukasokonekera umavuta kukonza kuposa bedi la mpiru.

Kuchotsa zimene zikumukopa

Iyi ndiyo njira yoyambira, ndipo anthu ambiri amaidumpha chifukwa siioneka ngati njira. Mitu ya nsomba ndi makombo a nsima zotayidwa kudzala, mbale za usiku zosiyidwa panja mpaka m'mawa, nsomba zoyanikidwa pamalata popanda woyang'anira, mbale ya galu yotsala ndi chakudya, zonsezi zimaphunzitsa mphaka kuti pakhomo panu pali mgonero. Mulu wa mchenga womangira umene wakhala pabwalo miyezi ingapo umasanduka chimbudzi cha amphaka a mzere wonse. Madeya ndi chimanga zotayikira pansi zimaitana makoswe, ndipo makoswe amaitana mphaka.

Mtengo wake ndi wochepa kwambiri, mwina chidebe chokhala ndi chivundikiro chotayamo zinyalala ndi pepala lapulasitiki lakuda lofunditsa mchenga. Zonse zimapezeka pamsika uliwonse. Chisamaliro ndicho chovuta, chifukwa pamafunika kuti aliyense wa m'nyumbamo atsate mwambowo tsiku lililonse, ndipo mwana mmodzi amene amaponyera mphaka mutu wa chambo mobisa amafafaniza ntchito ya mwezi wathunthu. Kuopsa palibe. Pa puloti ya nyumba zambiri za lendi, pamene dzala ndi limodzi, njirayi imatheka pokhapokha onse agwirizane.

Waya ndi zotchinga pa mabedi

Mphaka amafuna dothi lotipulidwa, louma pamwamba, limene angafukule ndi zikhadabo n'kukwirira. Akalephera kufukula, amapita kwina. Apa ndi pamene waya wa nkhuku amapambana njira zina zonse za m'dimba. Mumamuyala pamwamba pa bedi mutangofesa, n'kumukhomerera m'mbali ndi zikhomo, ndipo mbewu zimamera kudutsa m'maso mwake. Pa nazale ndi bwino kumukweza pang'ono pa timitengo topindika kuti mbande zisapanikizike, n'kutseka kumapeto konse. Waya wa maso a mamilimita 25 kapena 50 amakwanira pa mabedi, koma pa khola la anapiye, nkhunda kapena akalulu pamafunika wa mamilimita 13, popeza mphaka amapisa dzanja m'maso akuluakulu n'kukoka mwanapiye. Kholalo litsekedwenso pamwamba.

Pa mtengo, waya ndi wodula pomugula, koma ndalamayo imatuluka kamodzi, ndipo chidutswa chimodzi chimasamuka kuchoka pa bedi lina kupita pa lina, chifukwa masamba akakula n'kuphimba dothi mphaka sakhalanso nalo chidwi. Amapezeka m'mahadiweya a m'tauni ndi m'maboma, ndipo ambiri amagulitsa pa mita. Chisamaliro chake ndi kumuchotsa popalira ndi kumusunga pouma akatha ntchito, poti dzimbiri limamudya msanga akakhala pa dothi lothiriridwa. Kuopsa kwake ndi nsonga zodulidwa zimene zimabaya manja ndi mapazi a ana, choncho zipindidwire mkati.

Amene alibe ndalama ya waya atha kupeza zotsatira zofananako ndi zinthu za pakhomo. Timitengo ta nsungwi tozikidwa motalikirana masentimita 10 mpaka 15 timamusowetsa mphaka poti anjute. Zitsononkho, mapesi oduladula ndi nthambi za minga zoyalidwa pakati pa mizere zimamulepheretsa kuponda momasuka. Izi n'zaulere, koma zimafuna kukonza kawirikawiri, zimakopa chiswe, ndipo minga sisankha phazi la mphaka kapena la mwana. Udzu wofewa wophimbira nazale suthandiza, mphaka amangoukankhira pambali. Ndikupempha kuti neti yogonamo imene munalandira kuchipatala isapite kudimba, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri amatero. Ntchito yake ndi kuteteza banja ku malungo, ndipo mankhwala amene ali m'netimo sanapangidwire kukhudzana ndi ndiwo.

Kutseka mipata ya nyumba

Mphaka amadutsa paliponse pamene mutu wake walowa, ndipo mabagala ambiri a m'mazenera amaikidwa poganizira wakuba, osati mphaka. Malo amene amalowera kawirikawiri ndi zenera la kukhitchini losiyidwa lotsegula usiku chifukwa cha kutentha kwa mu Okutobala, mpata wa pakati pa khoma ndi malata, galasi losweka la kubafa, ndi pansi pa chitseko chimene chinadyeka. Mphaka wamkazi akapeza njira yolowera musiling'i amaberekeramo, ndipo mkodzo umadontha n'kuononga siling'iyo.

Gozi waya wa m'mazenera ndi wa mtengo wapakatikati, ndipo phindu lake ndi lapawiri chifukwa amatchinganso udzudzu. Wachitsulo ndiye woyenera, wapulasitiki mphaka amamung'amba ndi zikhadabo. Mpata wa pansi pa malata umatsekedwa ndi njerwa ndi matope kapena simenti, ntchito ya tsiku limodzi kwa mmisiri. Zipangizo zonsezi zimapezeka mosavuta, ndipo zikaikidwa bwino sizifuna chisamaliro china koposa kuyendera kamodzi pachaka mvula isanayambe. Kuopsa kwake ndi kumodzi koma kwakukulu, ndiko kutsekera ana a mphaka mkati. Musanatseke siling'i, mvetserani ndi kuunika ndi tochi. Ngati m'siling'imo muli ana a mphaka, dikirani mpaka ayambe kuyenda okha, apo ayi adzafera momwemo, fungo lidzadzaza nyumba, ndipo mayi wawo adzakhala akulira padenga masiku ambiri. Wokhala m'nyumba ya lendi ayambe wapempha chilolezo kwa alandilodi.

Mpanda

Mpanda wa njerwa wa mamita 2 suletsa mphaka, amaukwera ndi kulumpha kumodzi, ndipo pamwamba pake amapasandutsa msewu. Mabotolo osweka amene timaika pamwamba amawadutsa mosamala, ndipo akamuvulaza mwini wake amadziwa kumene wavulalira. Chimene chimathandizako ndi waya wolendewera, wosakungika, womangidwa pamwamba pa mpanda mopendekera kunja, chifukwa mphaka sakhulupirira chinthu chogwedera. Komabe mtengo wozungulira puloti yonse ndi waukulu, nthambi ya mango kapena denga la chimbudzi cha aneba loyandikira mpanda limapha ntchito yonseyo, ndipo pansi pa geti pamakhalabe mpata. Zipangizo zilipo, koma chisamaliro n'chochuluka ndipo zotsatira n'zochepa. Mpanda wa nkhadze sindiulimbikitsa pakhomo pa ana, popeza utomoni wake ukalowa m'maso umapweteka koopsa. Sindikuona chifukwa chomangira mpanda pofuna kuletsa mphaka yekha.

Fungo limene mphaka amadana nalo

Mphuno ya mphaka ndi yakuthwa, ndipo n'zoona kuti sakonda fungo la makoko a mandimu, malalanje ndi manachesi, ngakhalenso la viniga. Pa nyengo imene manachesi a ku Mwanza adzaza m'misika, makoko ndi aulere. Vuto lake ndi lakuti fungolo limatha m'masiku awiri kapena atatu padzuwa, ndipo mvula kapena kuthirira kumalichotsa tsiku lomwelo. Amphaka enanso salabadira n'komwe, makamaka wanjala amene wamva fungo la nsomba. Motero mtengo ndi wochepa, kupezeka n'kosavuta, koma chisamaliro n'chatsiku ndi tsiku, ndipo njirayi imakwanira pa malo aang'ono okha monga pakhonde, pazenera kapena m'miphika ya maluwa. Mankhwala a m'mabotolo othamangitsira amphaka, amene amapezeka mwa apo ndi apo m'masitolo akuluakulu, amadaliranso fungo, ndipo mvula imawakokolola chimodzimodzi ngakhale ndi odula.

Kuopsa kuli pa zinthu zimene anthu amalangizana. Timibulu toyera toika m'zovala pothamangitsa njenjete ndi poizoni, ndipo mwana atha kutitola n'kumayesa switi. Tsabola wogaya amalowa m'maso mwa mphaka ndi mwa ana osewera pansi. Jeyes Fluid ndi mankhwala ena a mtundu umenewo amavulaza amphaka akawaponda n'kudzinyambita, ndipo sayenera kuthiridwa pa dothi lolimapo ndiwo. Pamene mphaka wakodzera, tsukani ndi sopo waufa ndi madzi ofunda, kenako viniga wosungunula. Jik sathandiza pamenepa, popeza amphaka ambiri fungo lake limawakopa m'malo mowathamangitsa, ndipo malo amene fungo la mkodzo latsalira mphaka amabwererapo kudzakodzanso.

Madzi ndi zipangizo zamagetsi

Kuwaza mphaka madzi ozizira ndi botolo loboola pachitsekerero sikumuvulaza, ndipo sikufuna ndalama. Kufooka kwake n'kwakuti mphaka amaphunzira kuopa inuyo, osati dimba, ndiye amabwera mbandakucha inu muli m'tulo. Madzi otentha asagwiritsidwe ntchito ngakhale pang'ono. Kungosunga bedi lonyowa madzulo kumathandizanso, poti mphaka sakonda kufukula matope.

Pali zipangizo ziwiri zimene zimatsatsidwa pa intaneti. China chimalumikizidwa ku paipi ndipo chimafaitsa madzi chikaona chinthu chikuyenda. China chimatulutsa phokoso lapamwamba limene khutu la munthu wamkulu silimva koma mphaka amalimva. Bungwe loteteza mbalame la RSPB ku Britain linayesa chipangizo chimodzi cha phokoso chotere, ndipo linapeza kuti maulendo a amphaka m'minda anachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, kutanthauza kuti amphaka ambiri ankalowabe. Mtengo wa zonse ziwiri ndi wokwera, ndipo nthawi zambiri n'zoitanitsa ku South Africa kapena kutali. Zimafuna mabatire kapena sola, chamadzi chimafuna mpopi wothamanga usiku wonse ndipo chimakweza bilu, ndipo chikaonongeka wokonza sapezeka. Nkhuku, galu wanu ndi masamba ogwedezeka ndi mphepo zimachiyambitsa pachabe, ndipo chinthu chooneka chodula chosiyidwa panja chimakopa akuba.

Galu

Galu wolusa pabwalo amachepetsa maulendo a amphaka, koma pansi pokha, padenga ndi pampanda iwo amayendabe. Kupeza galu n'kosavuta, kumusunga ndiko kodula, chifukwa ndi chakudya cha tsiku lililonse, katemera wa chiwewe chaka ndi chaka, ndi mankhwala a nkhupakupa kwa zaka 10 kapena kuposerapo. Galu naye amafukula mabedi ndi kugwira anapiye, ndipo akapha mphaka wa aneba mlandu umakhala wanu. Amene ali naye kale apindula, koma kutenga galu chifukwa cha mphaka ndi kusinthanitsa vuto laling'ono ndi udindo waukulu.

Kukambirana ndi mwini mphaka, ndi kufula

Njira zonse zam'mwambazi zimamukankhira mphaka kwa mnansi wina. Iyi yokha ndiyo imafika pa gwero. Mphaka wamkazi atha kutenga bere ali ndi miyezi 4 mpaka 6, bere limatenga masiku pafupifupi 63, ndipo atha kubereka kawiri kapena katatu pachaka. Kulira kwa usiku konga kwa khanda, kumene kumaopsa anthu ambiri, ndi kwa mphaka wamkazi wofuna wamwamuna, kapena kwa amuna amene akumulimbirana. Mkodzo wonunkha kwambiri wa pazitseko ndi pamatayala a galimoto ndi wa mphaka wamwamuna wosafula amene akulemba malire ake. Wamwamuna akafulidwa, ndipo wamkazi akachitidwa opaleshoni yotseka kubereka, kulira, ndewu, kukodzera makoma ndi kuyenda mitunda italiitali zimachepa kwambiri, ngakhale kuti kufukula mabedi sikutha.

Opaleshoni imachitika kamodzi pa moyo wa mphaka. Ku Lilongwe bungwe loteteza ziweto la LSPCA limagwira ntchito imeneyi pamodzi ndi kubaya katemera wa chiwewe, ku Blantyre kuli bungwe lofanana nalo la BSPCA, ndipo kwina konse poyambira ndi kwa alangizi a ziweto. Mtengo umasiyana malinga ndi malo, wa wamkazi umaposa wa wamwamuna, ndipo ngati nyumba zitatu zikuvutika ndi mphaka mmodzi si zachilendo kusonkherana. Musalole kuti mphaka afulidwe pakhomo ndi lezala kapena mphira ngati mbuzi, ndipo akavulala musamupatse Panado, chifukwa ngakhale kachidutswa kochepa kamapha mphaka.

Kuopsa kwa njirayi kuli pa kalankhulidwe. Kupita kwa aneba bedi litangofukulidwa, mtima uli m'mwamba, kumabala mkangano. Ndi bwino kudikira, kupita madzulo, kupereka moni, n'kunena mwaulemu kuti, "Amayi, pusi wanu uja akutithera mbande kuseriku, kodi tingathandizane bwanji?" Zopempha zikhale zotheka, monga kumupatsa chakudya chokwanira madzulo, kumutsekera m'nyumba kapena m'khitchini usiku, ndi kumukonzera kamulu ka mchenga pakona ya puloti yawo. Chinthu chimodzi chisatuluke pakamwa panu ngakhale mutakwiya motani, ndicho kunena kuti mphakayo ndi wotumidwa. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, ndipo mawu otere aika pangozi miyoyo ya anthu okalamba ambiri m'dziko muno. Kukambirana kukakanika, nkhani ipite kwa mfumu ya m'deralo kapena kwa alandilodi.

Poizoni ndi misampha

Ndaiika pano chifukwa ndikudziwa kuti ndi imene ena amaiganizira poyamba. Tameki ndi mankhwala a makoswe n'zotsika mtengo ndipo zimagulitsidwa m'misika, koma nsomba yothiridwa poizoni siidziwa amene mwaitcherera. Atha kuidya galu wanu, nkhuku zimene mawa mudzadya, kapena mwana wokwawa wa pa puloti pomwepo. Lamulo la Protection of Animals Act limaletsa kuchitira nkhanza ziweto, ndipo mwini mphaka akadziwa, chidani chake chimakhala cha zaka. Khwekhwe wa waya amapha mozunza, ndipo mphaka wogwidwa amaluma ndi kukanda. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, popeza amphaka nawo amafalitsa chiwewe. Kutaya mphaka kutali m'thumba sikuthandizanso, chifukwa malo akatsala opanda mwini amalowapo mphaka wina malinga ngati chakudya chilipo. Ndipo pamene amphaka atha pa mzere wonse, makoswe amachuluka m'matumba a chimanga. Njira imeneyi sindikuivomereza kwa wina aliyense.

Njira iti kwa yani

Ngati vuto lanu ndi nazale ndi mabedi ongofesedwa kumene, gulani mamita ochepa a waya wa nkhuku ndipo muzimusuntha, kapena zikani timitengo ta nsungwi ngati ndalama palibe. Mayi woyembekezera, kapena wina amene chitetezo chake n'chotsika, asatole yekha chimbudzi cha mphaka, ndipo wotolayo avale jumbo m'manja n'kuchikwirira mozama kutali ndi ndiwo.

Woweta anapiye, nkhunda kapena akalulu asataye nthawi ndi makoko a mandimu, akufunika waya wa mamilimita 13 mbali zonse ndi pamwamba. Amene mphaka akumulowera m'khitchini ayambe ndi kuvundikira ndiwo ndi kutsuka mbale usiku, kenako gozi waya wachitsulo pazenera ndi kutseka pansi pa malata. Wa lendi amene sangasinthe nyumba adalire ukhondo wa padzala, kutseka mazenera a kukhitchini dzuwa likamalowa, makoko ndi viniga pakhonde, ndipo akambirane ndi anzake a pa puloti.

Ngati chimene chikukusowetsani mtendere ndi kulira kwa usiku, mkodzo pazitseko ndi tiana ta amphaka tochuluka chaka ndi chaka, waya ndi fungo sizidzakuthandizani, pitani kwa mwini mphaka mukakambirane za kufula, ndipo ngati amphakawo alibe mwini funsani a LSPCA, a BSPCA kapena alangizi a ziweto. Chipangizo chofaitsa madzi chisiyireni amene ali ndi kapinga ndi maluwa pa puloti yaikulu yotchingidwa bwino, thanki yakeyake ya madzi, ndi wachibale wobwera nacho kuchokera ku Johannesburg. Wa galimoto, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, azigogoda pa boneti asanalize injini m'mawa, chifukwa amphaka amakonda kugona pa injini yofunda.